Chakhumi cha Bambo Anga

Bambo anga anaiwala dzina langa mu Novembala,
sabata yomwe tinayala maukonde pansi pa mitengo ya azitona.
Ananditsegulira chitseko nati, Mayi, mukufuna ndani?
Ndine Mirsini, ndinatero.
Anagwedeza mutu mwaulemu
monga ankachitira ndi makolo odzadandaula za malikisi.

Zaka makumi atatu ndi zinayi anaphunzitsa Chigiriki chakale
m'tauni ya Kaloni, kuno ku Lesvos,
choko chili mbuu pajekete.
Tsopano mawu akuwathawa usiku ngati alendo a ngongole.
Supuni yapita. Lachinayi lapita.
Dzina la mayi anga linatsalako mpaka Khirisimasi.

Koma liwu limodzi lakanirira.

Madzulo ndimaika mbale ya zipatso za azitona pathebulo.
Amatola chimodzichimodzi, kundandalika pansalu,
hen, dio, tria, milomo ikunjenjemera mpaka deka,
ndipo chakhumicho amachikankhira pambali ndi chala
n'kunena momveka, ngati pali ana kumbuyo kwa kalasi:
apodekato.

Ndikulidziwa liwuli. Analiswa pamaso panga ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu,
tili pachigayo cha mafuta cha a Zisis.
Tinabwera ndi matumba pabulu, misana itathyoka,
mafuta anatuluka obiriwira, oluma pakhosi,
zigubu khumi,
ndipo a Zisis anakokera chimodzi kuseri kwa sikelo.
Akutibera, ndinanong'ona.
Bambo anagwada, nalemba ndi chala pafumbi la chigubu.
Apo, kupatula, kuchotsa pakati pa zinzake.
Deka, khumi, monga zala zakozi.
Kamchira kakumapetoko ndiko kamasandutsa nambala kukhala ntchito.
Ndiye tamvera, anati, chodabwitsa chake:
kalelo wopereka chakhumi ankanena liwu ili,
wochitolera kwa anthu ankanenanso lomweli.
Liwu limodzi, manja awiri.
Ukalimva lokha sungadziwe amene watambasula dzanja
ndi amene wafumbatula.

Ine ndinkangoona chigubu chathu kuseri kwa sikelo.

Kutchalitchi sanali opitapita.
Ankati ansembe amameza zilembo poimba.
Komabe chaka chilichonse botolo loyamba
linkakwera phiri kukayatsa nyale m'kachisi wopanda chitseko,
ndipo sanafotokozepo, iwo amene ankafotokoza chilichonse.

Mchimwene wanga Lambros amaimba foni kuchokera ku Stuttgart.
Akuti tiwapezere malo ku Mitilini, kuli anamwino.
Amatumiza ndalama tsiku loyamba la mwezi, osaphonya,
ndipo sindimunena.
Ine ndimasintha zofunda, ndimabisa makiyi,
ndimameta ndevu za munthu wonditcha mayi.
Pali masiku ndimawerengera zomwe ndapereka
ndipo zimapitirira chakhumi kutalitali.
Pali masiku ndimatseka bomba la madzi mwamphamvu kuposa muyeso.

Dzulo mphepo inali kugwedeza mazenera.
Anawerenga, anakankha, ananena liwu lawo.
Ndinafunsa zomwe sindinafunsepo:
Aphunzitsi, chimenechi n'cha yani? Cha Mulungu?
Anandiyang'ana ngati ndalakwa funso lophweka.
Cha mwana wanga, anati.
Amaweruka mochedwa, amafika ndi njala.
Musachikhudze.

Ndinadikira mpaka atagona.

Chinali chowawa, chamchere wambiri,
cha mtengo wa kumpanda umene agogo anaumezanitsa.
Ndinachidya chiimirire, mumdima,
ngati wakuba,
kapena ngati a Zisis,
kapena ngati kamtsikana kofika mochedwa, chikwama kumsana.

Nthanga yake ndaiika m'kapu yosweka khutu.
Usiku uno ndiikanso mbale pathebulo.
Akadzafika pa deka
ndidzakhala pomwepo, manja onse awiri pansalu,
osadziwa kuti liwulo likunena dzanja liti.